Loweruka la Durban July pa kauntala yanga

Pakanapanda Loweruka, sabata yathayi sindikanailemba n'komwe. Lolemba mpaka Lachisanu zinali za masiku onse pa shopu yathu yobetchera pano pa boma la Dedza: mphepo ya Julayi yolowa m'mafupa, anyamata a kabaza ataunjikana pa sikirini ya mahatchi a m'kompyuta aja, ine kubweza pakhomo ana osakwana zaka 18, madzulo kuwerengera ndalama zala zitauma gwa. Maligi a ku Ulaya ali pa tchuthi, ndiye za mpira zazilala. Lachitatu ndinapezeka ndi shoti, ndalama zitaperewera ndi K2,000, ndipo anzanga a pa kauntala mukudziwa kale kuti imachoka pa malipiro a ndani.

Loweruka loyamba la Julayi ndi tsiku la Durban July, mpikisano waukulu wa mahatchi wa ku South Africa. Ambirife hatchi timangoionera pa TV, koma amene anakhalako ku Joni tsikuli amalidziwa. Mpikisanowu umachitikira pa Greyville mumzinda wa Durban, unayamba mu 1897, ndipo mtunda wake ndi mamita 2,200 okha. Mahatchi amathamanga mphindi ziwiri ndi kanthu, basi zatha, koma anthu amasoketsa zovala kudakali miyezi. Ena amabwerako osaona ndi mchira womwe wa hatchi, chawo n'kutchena ndi kujambulitsa.

Zonsezi anandiphunzitsa ndi bambo ena achikulire a ku Bembeke amene anagwirako ntchito ku Durban ali anyamata. Mpira sabetcha. Amabwera kamodzi pa chaka, atavala suti ndi chipewa, limodzi ndi anzawo awiri olima nawo mbatatesi, nawonso atatchena ngati akupita ku ukwati. Akakhala pa benchi shopu yonse imasanduka kalasi. Amafotokoza kuti hatchi yamphamvu amaisenzetsa cholemera kuposa zinzake kuti mpikisano ukhale wofanana, ndipo wanzeru amayang'ana kulemerako, woikwera ndi khomo limene yanyamukira, osati kukoma kwa dzina. Mahatchi a m'kompyuta amawatcha zidole.

Magetsi anazima masana. Palibe chachilendo. Chimene chikundiwawa n'chakuti mafuta a jenereta anatha Lachinayi, ndipo ndinalemba katatu pa gulu lathu la WhatsApp. Akuluakulu anangoyankha ndi kachala kaja. Ndinatapa pa fuloti, ndalama zogwirira ntchito pa kauntala, n'kutuma mlonda ndi chigubu, anakapeza mzere, n'kubwerako mpikisano waukulu utatsala pang'ono. Jenereta inalira, TV inayaka, koma netiweki ya makina a matikiti inali kungozungulira.

Bambo aja anandipatsa K20,000 n'kutchula nambala ya hatchi yawo. Ndinadina. Kuzungulira. Ndinadinanso. Mahatchi akulowa m'makomo awo pa TV, ine thukuta kamukamu m'kuzizira kwa Dedza konseku. Makina atadzuka, kubetcha kunali kutatsekedwa. Tikiti sinatuluke. Ndinawabwezera ndalama yawo m'manja aliyense akuona.

Hatchi yawo inapambana.

Phokoso limene linabuka sindinalionepo. Wina kumbuyo akukuwa kuti asisiwa adya ndalama za madala, wina akuti tinazimitsa dala makina, pamene ndalamayo ili m'manja mwa eni ake. Mnyamata wina amene amandipempha ya basi akaluza ndi amene ankamenya kauntala kwambiri. Mlonda yekha sakanatha.

Eni akewo sanakweze mawu. Anavula chipewa, n'kuyang'ana TV nthawi yaitali, kenako anati, "Mwanangu, ndakuona ukudina. Si iwe ayi." Ndinangoti, "Pepani bambo." Akanandilalatira mwina zikanapepuka. Anatuluka ndi anzawo kukakwera minibasi, masuti awo ali bwinobwino, pamene chaka chilichonse amakhala mpaka mpikisano womaliza kenako n'kukadya chipisi pamsika.

Lamulo ndimalidziwa, popanda tikiti palibe malipiro, ndipo ndimalinena kangapo pa tsiku osaphethira. Koma ndimalinena kwa munthu wotaya tikiti kapena wofika mochedwa. Bambowa anafika m'mawa.

Lamulungu supavaiza anaimba foni. Ndinkayesa afunsa za kasitomala uja, poti lipoti ndinatumiza usiku womwewo. Anafunsa kuti anandiloleza ndani kutapa fuloti kugulira mafuta, n'kunena kuti lisiti likapanda kuoneka Lolemba ailemba ngati shoti. Lisitilo mlonda analitaya.