Tsiku limene ndinasanduka chosema ku Nevada

Mnzanga wa kuntchito kuno ku California, mzungu wa ndevu ngati tonde, anandinyengerera mpaka ndinalola kupita naye ku chikondwerero cha Burning Man mu 2023. Tikiti yokha madola 575. Pa zovala anangoti: "Ukavale chimene chikuonetsa kuti ndiwe ndani." Ine mwana woleredwa ndi mayi a mvano, ndinalongedza suti yanga yabuluu, tayi ndi nsapato zosongoka zopolisha bwino.

Chikondwererochi anayambitsa Larry Harvey ndi Jerry James mu 1986, pamene anawotcha chifanizo cha munthu cha matabwa pagombe la Baker Beach ku San Francisco. Mu 1990 anasamukira nacho ku chipululu cha Black Rock ku Nevada, kupitirira katauni ka Gerlach. Lero anthu pafupifupi 70,000 amamanga kumeneko mzinda wa matenti wa sabata imodzi, misewu yake yotchulidwa ngati maola a pawotchi. Ndalama ilibe ntchito kupatula pogula ayezi. Zina zonse n'zopatsana. Pachipata, wobwera koyamba amamuuza agubuduke m'fumbi ndi kuliza belu. Belu ndinaliza. Zogubudukazo ndinati pepani, ndili ndi ana.

Lachisanu pa 1 Seputembala kunagwa mvula. Azungu anayamba kuthamangathamanga, ine phee pampando, ndikuseka. Mvula yonseyo sinakwane ndi inchi imodzi yomwe, ndipo ndinawauza monyada kuti ine ndinakulira ku Chikwawa, matope ndi ine tinadziwana kalekale. Anandimvera mwaulemu. Koma pamene tinamanga matentiwo ndi pansi pa nyanja yakale ya Lahontan imene inaphwa, dothi lake ndi dongo la mchere, madzi silimwa, limangosanduka phala lomata. Zipata zinatsekedwa, magalimoto analetsedwa kuyenda, wailesi ya mumsasa n'kumalengeza kuti tisamale chakudya ndi madzi. Magalimoto opopa zimbudzi nawo sanathe kulowa, ndipo nkhani imeneyi muisunge.

Loweruka ndilo tsiku lowotcha chifanizo. Anali atalengeza kale kuti mwambowo wasunthidwa, koma suti ndinali nditanyamula kuchokera kutali, ndinaivala basi. Chakumadzulo m'mimba munayamba kulira, chifukwa cha nyemba za m'chitini zimene tinkapatsana mwachikondi. Anzanga anali atamanga majumbo kumapazi ndi tepi, ena atavala sokosi pamwamba pa jumbo. Anandipatsa awiri. Ndinayang'ana majumbowo, ndinayang'ana nsapato zanga, n'kuwabwezera.

Poyamba zinkayenda. Kenako ndinaona kuti ndikutalika. Phazi lililonse likatsika linkadzuka ndi chibuma chatsopano, mpaka nsapato iliyonse inalemera ngati njerwa zitatu. Zimbudzi ndikuziona apo, zabuluu, zitafola mzere. Phazi lamanja linati tswii, osatulukanso. Ndinakoka, kunatuluka phazi ndi sokosi, nsapato itatsala pansi. Ndinayesa kuimira mwendo umodzi, thi! chafufumimba. Podzuka ndinaterereka, khu! chagada. Kugubuduka kumene ndinakana pachipata kuja ndinakuchita mbali zonse ziwiri, popanda wondiuza.

Nditaimirira, ndinali wotuwa kuyambira kumutu mpaka kuphazi, maso okha ndi amene ankaoneka. Miyendo inali itamira mpaka m'akakolo, dzanja limodzi lili m'mwamba kufuna wondigwira, lina litagwira pamimba. Ndipo sindikanatha kusuntha, pakuti zinthu m'katimo zinali zitafika poti ngakhale kutsokomola kukanabweretsa maliro.

Kumeneko zosema zili ponseponse, zina zazitali kuposa nyumba, zina zolavula moto. Ndiye munthu wa suti ndi tayi, wouma gwa pakati pa matope, anthu anamuona bwanji? Anayamba kusonkhana. Mayi wina wovala chikhoto cha ubweya ndi mapiko a gulugufe anagwira pachifuwa, misozi ili lengelenge, n'kuuza mnzake kuti sanaonepo chithunzi chomveka chotere cha munthu womizidwa ndi ntchito ya mu ofesi. Wina anandiveka mkanda m'khosi. Wina anandiikira nkhaka ya m'viniga m'thumba la jekete, pamene pamakhala kansalu paja. Mafoni ng'ani ng'ani.

Chizungu chonse chinandithawa. Ndinakuwa m'chinenero cha amayi anga: "Anthuni ndithandizeni, m'mimba mwavuta!"

Anawomba m'manja. Wina anapempha kuti ndibwereze, sanajambule bwino.

Amene anandipulumutsa ndi bambo wina wachikulire, wa imvi mbuu, atavala chipewa ndi majumbo kumapazi, kwinako ali mmene anabadwira. Anandiyang'ana m'maso kamodzi, n'kudziwa kuti apa palibe luso lililonse. Anandikolekera dzanja paphewa lake n'kundizula. Tinayenda chogwirana mpaka ku zimbudzi, ine maso ali kumwamba njira yonse, ndikuyang'ana utawaleza umene anthu onse ankautama. Za mmene munalili m'chimbudzimo, ena mwa inu mukudya.

Ndinamva pambuyo pake kuti Chris Rock, katswiri wa nthabwala, ndi Diplo, DJ wotchuka, anatuluka wapansi m'matopemo tsiku lomwelo mpaka kupeza matola. Iwowo mwina anavala majumbo.

Lolemba pa 4 Seputembala pansi panauma, msewu unatsegulidwa, chifanizo anachiwotcha usiku wake. Koma kumeneko kuli lamulo loti usasiye kanthu kalikonse pansi, ngakhale ndudu yotsala. Anzanga a mumsasa anandipatsa fosholo kuti ndikafukule nsapato yanga. Ndinakumba pamene ndinkaganiza kuti ndi pomwepo. Ndinafukula pedulo ya njinga, patapata, ndi jombo imodzi ya ubweya wapinki. Inali ya kumanja, ndipo inandikwana. Ndi imene ndinalowa nayo mu lesitilanti mumzinda wa Reno, kumanzere kuli nsapato yosongoka, ndipo mtsikana woperekera zakudya anangoti tikhale panja.