Mapiritsi a vitamini E ndinawasiya

Dokotala atandiuza kuti BP yakwera, ndinathamangira kukagula mapiritsi a vitamini E, kudziona ngati wochenjera. Mwana wanga, yemwe ndi namwino, anangoti, "Adadi, mwataya ndalama."

Vitamini E ali m'gulu la ma antioxidant, zinthu zoteteza maselo a m'thupi kuti asawonongeke. Ma antioxidant a m'zomera, makamaka ma flavonoid a mu tiyi, mphesa ndi koko, amathandiza kachikopa ka mkati mwa mitsempha kupanga nitric oxide, mpweya umene umamasula mitsempha ya magazi. Mtsempha ukamasuka magazi amayenda bwino, BP n'kutsikako, koma pang'ono chabe. A m'botolowa ndiye zina. Ku Finland mu 1994 anapeza kuti mapiritsi a beta-carotene, yemwenso ndi antioxidant, anachulukitsa khansa ya m'mapapo mwa amuna osuta fodya.

Pano apulo ndimadya osasenda kuti ndipeze ma antioxidant a m'zomerawo. Mankhwala a dokotala sindinasiye ayi, namwino wangayo amachita kuwawerenga Lamlungu lililonse.