Lachiwiri: mizere itatu ya SAFETY yandidyera tsiku

Ndadzuka ndi maganizo oti pofika masana ndikhala nditamaliza. Ntchito yake imaoneka yochepa: kuwerenga fayilo ya rust/kernel/alloc/kvec.rs, yolembedwa m'chiyankhulo cha mapulogalamu cha Rust, mu kernel (mtima weniweni) ya Linux, kenako kulemba kaVec kanga koyeserera kuti ndione ngati ndamvadi. Nsima ndadya itazizira.

Vec ndi mndandanda wa zinthu umene umakula ukamauwonjezera. Mumtima mwake muli zinthu zitatu basi: pointer yoloza pamene zinthuzo zili, len yowerenga zimene zilimo, ndi capacity yonena malo onse amene alipo. Ine ndimaiona ngati minibasi. Capacity ndi mipando, len ndi anthu amene akhala kale. Kusiyana kwake n'koti kondakitala wa kernel saloledwa kupanikiza munthu wachinayi pampando wa atatu. Ikadzaza, amapempha basi yaikulu kawiri, ndipo nthawi zambiri anthu onse amasamukira m'menemo. Amene anasunga adiresi ya mpando wakale akabwerera, apeza pakhala munthu wina.

Rust inalowa mu Linux 6.1 mu Disembala 2022, koma Vec yakeyake ya kernel inabwera mu 6.13, ntchito ya Danilo Krummrich. Chifukwa chake ndachimvetsa bwino m'mawa uno. Vec wamba ya Rust ikapempha memory n'kumanidwa, pulogalamu imangofa. Kernel singafe chonchi. Nchifukwa chake push ya kuno, function yowonjezera chinthu kumapeto kwa Vec, imafuna uiuze njira yopemphera, monga GFP_KERNEL imene imalola kudikira, ndipo imatha kukubwezera AllocError, uthenga woti memory yasowa. Pali KVec ya kmalloc, VVec ya vmalloc (njira ziwiri zimene kernel imapezera memory), ndi KVVec imene imayesa koyamba, ikakanika n'kupita kwachiwiri.

Zonsezi ndadutsa mwachangu. Pamene ndaima ndi pa ndemanga.

Pamwamba pa struct, pamene khodi imafotokoza kapangidwe ka Vec, pali gawo la Invariants, malonjezo amene Vec iyenera kusunga nthawi zonse: pointer ikhale yoyalidwa bwino, len ikhale ndendende chiwerengero cha zinthu zilimo, ndipo isapose capacity. Function ikakhala ya unsafe, kutanthauza kuti Rust payokha singatsimikize kuti ndi yotetezeka, gawo la Safety limanena zimene woitana ayenera kutsimikiza yekha. Pamalo paliponse pogwiritsa ntchito unsafe umalemba SAFETY n'kufotokoza chifukwa chake sizivulaza munthu. Ukasintha len, umalemba INVARIANT kusonyeza kuti lonjezo likadalipo. Kale ndinkaziona ngati siginecha ya pafomu, yongolemba kuti Clippy, pulogalamu yofufuza zolakwika mu khodi ya Rust, isadandaule.

Cha m'ma 2 koloko ndalemba push yanga. Yayenda. Ndaika manambala 1,000, onse abwerera bwinobwino, ndawomba m'manja ndekha m'chipinda. Kwatsala ndemanga basi.

Ndayamba kuti, "SAFETY: zinthu zonse mpaka pa len zalembedwa kale, chifukwa…" Pamenepo dzanja lauma. Chifukwa chiyani? Ndabwerera kumtunda, n'kupeza kuti ndawonjezera len kaye, kenako ndapempha malo, kenako ndalemba chinthucho. Ndiye kuti memory itasowa, function ituluka ndi AllocError, len itawerenga kale munthu amene sanakwere. Nthawi yochotsa Vec ikakwana, drop, khodi yoyeretsa zimene zili mkati, ipita pampando wopanda munthu n'kukagwira zinyalala zimene yapeza ngati kuti ndi chinthu chenicheni. Mayeso anga sakanaziona, pakuti pa laputopu panga memory siinathepo. Clippy nayo inali phee. Iyo imangoona ngati ndemanga ilipo, siwerenga ngati ikunena zoona.

Kukonza kwake kwatenga masekondi: pempha malo, lemba, kenako wonjezera len. Koma ndakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana khoma.

Ndatumizira mnzanga wina chithunzi pa WhatsApp, iye wakhala akulemba khodi m'chiyankhulo cha C zaka zambiri. Wayankha kuti, "Aise, ife zimenezo timasunga m'mutu." Ndamufunsa kuti mutuwo ukapita ku ntchito ina, wotsalayo akazipeza kuti? Wangotumiza kankhope koseka. Sindikumunyoza, khodi yake ndi yaukhondo kuposa yanga. Koma lero ndaona kuti m'mutu mwanga chiganizo chabodza chimakhala mwamtendere, pomwe papepala chimakana kutha.

Madzulo ndawerenga truncate, function yofupikitsa Vec. Kumeneko dongosolo ndi lotembenuza: umachepetsa len kaye, kenako n'kuchotsa zinthu zakumapeto, kuti Vec isamawerengebe zinthu zimene zawonongedwa kale. Ndasangalalanso kuona kuti set_len yakale, imene inkalola kuika nambala iliyonse, inachotsedwa, m'malo mwake muli inc_len ndi dec_len. Iliyonse ili ndi lonjezo lake lalifupi: yoyamba imafuna kuti malo owonjezerawo akhale atalembedwa ndipo asapose capacity, yachiwiri imakupatsa udindo wa zimene wadulazo. Lonjezo lalifupi ndi losavuta kulitsimikiza, ndipo wowerenga khodi yako sachedwa kukugwira ukanama.

Chimene chandizunguza n'zinthu zopanda kukula konse, zimene sizidya ngakhale baiti imodzi. Pamenepo palibe memory yopempha, pointer siloza kanthu, ndipo capacity imati usize::MAX, nambala yaikulu kwambiri imene ingasunge. Minibasi yanga yathera pomwepo, sindikudziwa kuti mizimu ungaikhazike bwanji.

Magetsi azima cha m'ma 8, batire yatsala pang'ono. Mawa ndiyamba ndi remove, yochotsa chinthu chimodzi mu Vec, ndipo ndemanga ndidzailemba khodi isanabadwe.