Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Makalata a pakhonde la malume ku Chibavi

Mu gawo lapita lija ndinasiyira pomwe ndinatsika basi pa depoti ya Mzuzu, nditachoka kwathu ku Dedza kudzakhala ndi malume kuti ndipitirize Fomu 3. Ena mwa inu mwakhala mukundifunsa kuti kodi makalata a Chizungu amene ndimalembera anthuwa ndinawaphunzira kuti, nde lero ndiyankhe limenelo. Mundipirire ikatalika chifukwa nkhani imeneyi imandikhudza kwambiri.

Chinali chaka cha 2003. Malume ankakhala ku Chibavi, kanyumba ka njerwa zootcha kokhala ndi khonde laling'ono loyang'ana kumsewu. Iwowa anagwira ntchito ya ukalaliki m'boma kuyambira nthawi ya Kamuzu mpaka kupuma, ndipo chomwe anatsala nacho pa zaka zonsezo ndi kapenshoni kochepa, jekete imodzi yakuda ndi makina otayipira akale omwe ankawafunditsa chitenje kuopa chinyontho, paja Mzuzu mvula yake siyiona kalendala, ngakhale mu Juni imangowaza. Loweruka lililonse m'mawa ankatulutsa makinawo pakhonde, ndipo anthu ankabwera. Wina akufuna ntchito ya ulonda, wina mwana wake wachotsedwa sukulu chifukwa cha fizi, wina akufuna transifa, wina malire a puloti avuta. Malume sankatchula mtengo. Ena ankasiya ndalama ya pepala, ena nthochi, ena ankangoti yewo chomene nkumapita.

Ine Chizungu ndinkachidziwa ndithu, koma chinali cha mayeso. Ndife aja maphunziro aulere a 1994 anatipeza tili Sitandade 2, kalasi inadzaza mpaka ena kumaphunzirira pansi pa mtengo, ndipo maphunziro onse anayamba kubwera m'Chizungu titafika Sitandade 5. Nde timaloweza. Kusekondale aphunzitsi ankatikumbutsa tsiku ndi tsiku kuti ukalephera Chizungu a MANEB sakupatsa satifiketi ya MSCE ngakhale masamu ndi sayansi ukhoze bwanji, choncho kalata, lipoti, sipichi, zonsezi tinkazikopera m'makope nkumaziloweza ndi mantha. Koma kalata yoti ikafike m'manja mwa munthu weniweni, ayiwerenge, achitepo kanthu, imeneyo ndinali ndisanalembepo.

Makalata omwe ndinkawadziwa bwino anali a Chichewa, aja ndinkalembera agogo kumudzi opita kwa mwana wawo ku Johannesburg. Mukuwadziwa inu. Umayamba ndi moni, kufunsa za moyo, kunena kuti ife kuno tili bwino kaya inu kumeneko, kenako mvula, kenako chimanga, maliro a uje, mbuzi yabereka, ndipo nkhani yeniyeni ya ndalama ya feteleza imabwera kumapeto kwenikweni, mwaulemu, mozungulira. Ndi mmene tinaleredwera, sungafike pakhomo pa munthu nkungoyamba kupempha usanalonjeredwe. Ndipo ine mpaka lero ndimaona kuti kalembedwe kameneko nkabwino, kali ndi umunthu.

Nde tsiku lina malume anandiitana pakhonde paja nkundipatsa pepala ndi bolopeni. Anati mphwanga, maso angawa ayamba kuchita chifunga, khala apa uzilemba ndi dzanja kaye, makina uwakhudza ukadziwa. Anandiyambitsira pa kaimidwe ka pepala. Adilesi yako pamwamba kudzanja lamanja, P.O. Box kapena Private Bag, munsi mwake deti, ndipo deti ulembe tsiku, mwezi m'mawu, chaka chonse. Kenako kumanzere udindo wa munthu amene ukumulembera, osati dzina lake ayi, udindo, chifukwa munthu amasamutsidwa koma mpando umatsala. Ukatero Dear Sir, kapena Dear Sir/Madam ngati sukudziwa amene ali pampandopo. Kenako mutu wa kalata m'zilembo zikuluzikulu, nkuudula mzere kunsi ndi lula. Ukayamba ndi Dear Sir umatseka ndi Yours faithfully, ukamutchula munthu dzina umatseka ndi Yours sincerely, usayine, ndipo pansi pa siginecha ulembe dzina lako lonse looneka bwino. Ngati ndiwe wa m'boma, tinene mphunzitsi wofuna transifa, kalata siyidumpha bwana wako, umalemba Through nkuika ahedi, iwo asayine adinde, ndiye ipite kutsogolo.

Zimenezi sizinandivute, nzoloweza. Chinandivuta ndi mzere woyamba. Malume ankati chimene ukufuna chikhale mu chiganizo choyamba, basi. Opanda muli bwanji, opanda ndikhulupirira muli moyo. Mtima wanga unkakana ndithu, ndinkaona ngati ndikumulalatira munthu wamkulu. Ndinawafunsa kuti malume, nanga ulemu uli pati pamenepa? Iwo anayamba avula magalasi nkundiuza za tebulo lomwe ankakhalapo ku ofesi, mafayilo mulu kumanja mulu kumanzere, makalata obwera m'mawa uliwonse mtolo. Anati bwana amayang'ana mutu ndi mizere iwiri yoyamba, akapanda kumva chimene ukufuna amaika pambali kuti aona mawa, ndipo mawa limenelo silifika. Anati kalata ndi mthenga amene wamutuma kwa mfumu, iwe kulibe kumeneko kuti umuthandize kufotokoza, nde apite atasamba, anene zomwe wamutuma, atsazike. Ulemu wake ndi pepala loyera losafufutafufuta, mawu oona, ndi kusamutayitsa nthawi wowerengayo.

Chinanso chomwe ankadana nacho ndi kudzichepetsa kopitirira. Iwo anakulira m'Chizungu cha atsamunda chija cha I beg to apply, chomaliza ndi your obedient servant, anachitayipa zaka zambiri, koma ine anandiletsa. Anati amene akufunsira ntchito sakupempha chithandizo, akugulitsa manja ake ndi mutu wake, alembe kuti I am applying, atchule ntchitoyo, atchule pomwe anaiona kaya ndi mu Nation kaya Daily Times ndi deti lake, anene zomwe amatha. Za umasiye, za kuti kunyumba kulibe ufa, ankati zimenezo nzoona koma malo ake si amenewo. Ankadananso ndi mawu akuluakulu otola mu dikishonale ongofuna kuopseza nawo. Chiganizo chikatalika mpaka mpweya kuthera panjira powerenga, ankachidula pakati ndi bolopeni yofiira. Ndipo kalata iliyonse ankandiuza ndiiwerenge mokweza, kenako ndiimasulire mwini wake m'chilankhulo chomwe akumva asanasayine, chifukwa dzina lopita pansipo ndi lake, si langa.

Apa mpomwe ndinayamba kuona chinthu chomwe kusukulu sankatiuza. Pakhonde paja pankamveka Chitumbuka, Chitonga cha anthu a ku Nkhata Bay, Chinkhonde cha ku Karonga, ife a Chichewa, nthawi zina ndi Chiswahili cha amalonda a ku msika wa Taifa. Anthu anzeru zawo, odziwa kulongosola mlandu mwadongosolo kuposa ine kutalitali. Koma nkhani ikangofika poti ilowe mu ofesi, zilankhulo zonsezi zinkathera pakhomo. Malume anandiuza kuti mu 1968 boma linasankha Chichewa ndi Chizungu, Chitumbuka nkuchotsedwa pa wailesi mpaka chinadzabwerera mu 1994, ndipo ankanena zimenezi motsitsa mawu ngakhale nthawi yoopa inali itapita kale. Koma ngakhale ife a Chichewa, fayilo ya m'boma kapena ya kampani inkafuna Chizungu basi. Zinkandiwawa, ndipo zimandiwawabe, kuti munthu akhale ndi chilungamo chonse m'manja koma asowe pepala limodzi lomunenera.

Kalata yoyamba yomwe ndinalemba ndekha kuyambira pamwamba mpaka pansi inali ya mayi ena oyandikana nafe. Amuna awo anali mlonda pa kampani ina m'tauni momwemo, anadwala nkumwalira, ndipo malipiro a miyezi yomaliza ndi ndalama za masiku a tchuthi sizinatuluke. Mayiwa anali atapitako kambirimbiri, amangouzidwa pageti kuti abwana atuluka, bwerani sabata yamawa. Anafika atavala duku lakuda, mwana kumbuyo, mapepala atawakulunga mu jumbo ya shuga nkuwamanga pa nsonga ya chitenje. Anamasula pang'onopang'ono, munali kachiphaso ka kuntchito kokhala ndi chithunzi cha malemuwo, mapepala a malipiro opindikapindika, ndi kalata ya kuchipatala. Anayamba kulongosola m'Chitumbuka chosakaniza ndi Chichewa kuti ine ndimve, kuyambira tsiku lomwe bambowo anayamba kutsokomola, mmene ankapitirabe kuntchito usiku kukuzizira, mmene anawanyamulira pa sakramento, njinga za hayala za ku Mzuzu zija, kupita nawo kuchipatala. Azakhali anawabweretsera tiyi, iwo osamukhudza nkomwe.

Ine ndinkafuna zonsezo zilowe m'kalata, chifuwa chija, usiku uja, mwana uja. Malume anandisiya ndimvetsere mpaka mayiwo atamaliza, sanawadule ngakhale pamodzi, kenako anandiuza chapansipansi kuti mphwanga, misoziyi tailandira ife, kuofesi tumiza manambala. Nde tinalemba dzina la malemu, nambala yawo ya ntchito, chaka chomwe anayamba, tsiku lomwe anamwalira, miyezi yomwe sanalipidwe, ndi pempho limodzi lomveka, kuti ndalamazo ziperekedwe kwa mkazi wawo ndipo atiyankhe polemba. Pansi tinatchula mapepala omwe taphatikiza, mafotokope okhaokha, enieniwo malume anati asachoke m'jumbo muja zivute zitani. Kenako pansi penipeni anandiuza ndiike cc nkulemba ofesi ya leba, kuti owerengayo adziwe kuti maso ena aionanso kalatayi.

Tsiku limenelo mpomwe anandilola kukhala pa makina. Mapepala atatu, makaboni awiri pakati, kumenya zilembo mwamphamvu kuti zidutse mpaka pepala lachitatu, chala chimodzichimodzi, malume ataimirira kumbuyo kwanga. Nditamaliza ndinawerenga mokweza, azakhali nkumamasulira m'Chitumbuka poti iwo ndi a ku Rumphi, mayiwo nkumagwedeza mutu mzere uliwonse. Sankatha kulemba, nde anadinda chala. Malume anawalangiza kuti kalatayi musaisiye pageti, mukaipereke kwa sekilitale, ndipo kope yanuyi akaidinde chidindo chosonyeza kuti alandira ndi deti lake, mukabwere nayo.

Patapita masabata angapo anaitanidwa. Sanapatsidwe zonse zomwe tinawerengera, koma malipiro a miyezi ija anatuluka, anagula malata ochepa ndi kulipira fizi ya mwana wamkulu. Anabwera kudzatiuza madzulo ena akumwetulira koyamba chimwalirireni amuna awo, ndipo kuchokera tsiku limenelo ankandiitana kuti akalaliki ang'ono, dzina lomwe linafala Chibavi yense.

Fomu 4 yonse Loweruka langa linali la pakhonde. Masana ndikaweruka ndinkadutsira ku laibulale ya National Library m'tauni kukawerenga manyuzipepala, makamaka masamba a ntchito ndi makalata opita kwa mkonzi, nkumakopera m'kope kalembedwe komwe kandisangalatsa kuti ndikawaonetse malume, ena ankavomera ena ankati nzodzionetsera. Pomwe mayeso a MSCE amafika mu 2004, funso la kalata ndinaliyankha mtima uli m'malo.

Zotsatira zitatuluka malume anadula kachidutswa ka nyuzipepala nkundiikira patebulo, kampani ina ya ku Luwinga inkafuna kalaliki wa sitolo. Anati walembera anthu ambiri, tsopano lemba yako, ine sindiigwira ndi bolopeni yofiira. Za kalata imeneyo, ndi za intavyu yomwe ndinapita nditabwereka jekete yakuda ija, tidzakambirana mu gawo 8.