Mano 41 ndi mano 10: zimene ndaphunzira pa difu ya BMW

Nkhani ya magiya a mu difu, bokosi limene limagawira mphamvu ya injini ku matayala akumbuyo, tinaidutsa kalekale m'kalasi, ndipo mayeso ake ndinakhoza, koma yandilowa m'mutu mwezi wathawu. Mkati mwa sabata ndimaphunzira zaumakaniko, Loweruka ndimakathandiza amalume pa galaja yawo ku Gazaland, ku Highfield. Iwo anabadwira konkuno ku Harare, koma makolo awo anachokera ku Dedza, ndipo tikalowa pansi pa galimoto timalankhula Chichewa chokhachokha. Chishona chimabwera kasitomala akafika.

Tsiku limenelo kunabwera mnyamata wa BMW E30 325i, amene amapita nayo kumpikisano wa liwiro ku Donnybrook, kufupi ndi Mabvuku. Dandaulo lake linali lakuti galimoto ikuchedwa kudzuka ponyamuka. Anali atagula kale difu ina yakale, ndipo wogulitsayo anamuuza kuti ndi ya 4.10, pomwe yake inali ya 3.73. Nambalayi imanena kangati propshaft, chitsulo chobweretsa mphamvu ku difu, imazungulira kuti matayala azungulire kamodzi. Kachitsulo kolembedwa nambala kanali katasowa, choncho amalume anati, "Mphwanga, tatiyezera, tisamange chinthu chongomva."

Ndinagwira mbali imodzi yopita ku tayala kuti isayende, ndikuzungulitsa inayo kamodzi, kwinaku ndikuwerenga kuzungulira kwa mbali yolumikiza ku propshaft. Ndinapeza kawiri ndi pang'ono. Mtima unagunda, ndimati mnyamatayu wapusitsidwa. Amalume sanandikalipire. Anandiuza kuti ndisiye mbali ija, ndizungulitsenso, ndione. Mbali inayo inayenda chobwerera. Apa mpamene ndinakumbukira timagiya tating'ono ta mkati timene timalola tayala lakunja kuthamanga kuposa lamkati pokhota. Ukagwira mbali imodzi, mbali yomasukayo imayenda kawiri pa kuzungulira kumodzi kwa crown wheel, giya yaikulu ya mu difu, ndiye kuti uyenera kuizungulitsa kawiri kuti upeze nambala yoona. Nditatero, chizindikiro changa cha choko chinadutsa kanayi ndi kachidutswa. Titatsegula chivundikiro tinawerenga mano: 41 pa crown wheel, 10 pa pinion, kagiya kakang'ono kamene kamaizungulitsa. Kugawa 41 ndi 10 ndi 4.10 ndithu. Ya 3.73 ija imakhala ndi mano 41 ndi 11. Dzino limodzi lokha!

Koma kuyesa komweko kunaulula china chimene mwini wake sanachidziwe. Difu yoyenda chobwerera choncho ndi yotseguka, si LSD, difu imene imachepetsa kupalasa kwa tayala limodzi. Ponyamuka mwamphamvu, tayala limodzi likhoza kumangopalasa, linalo lili phee. Kwa munthu wa mpikisano, imeneyo si nkhani yaing'ono.

Chimene chandikhalitsa pansi kwambiri ndi masamu amene amalume anandilembetsa pa katoni. Tayala la 195/65 R14 limayenda pafupifupi mamita 1.91 likazungulira kamodzi. Pa liwiro la makilomita 120 pa ola, limazungulira pafupifupi ka 1,045 pa mphindi. Giya yachisanu ya galimotoyi ndi 0.81. Ndi difu ya 3.73 injini imazungulira cha pa ka 3,150 pa mphindi, ndi ya 4.10 imakwera kufika cha pa 3,470. Mphamvu yokankha pa matayala imachuluka ndi gawo limodzi mwa magawo khumi pa giya iliyonse, koma giya iliyonse imathanso msanga, mafuta amapita ambiri, ndipo phokoso silikusiya pa ulendo wautali. Injiniyo siinawonjezeke mphamvu ngakhale pang'ono. Kale ndinkaganiza kuti nambala yaikulu ndi galimoto yamphamvu basi, ndipo anzanga ambiri akuganizabe choncho.

Ndiponso Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo siitulutsa mphamvu imene ingatulutse ku Beira kapena ku Durban. Ndikuona kuti ichi ndi chifukwa china chimene anyamata akuno amakondera magiya ofupika, ndiye kuti difu ya nambala yaikulu, ndipo sindiwadzudzula.

Amalume asanamange difuyo anamufunsa mnyamatayo funso limodzi: "Kodi galimotoyi mumayenda nayo kuti masiku onse?" Anati kuntchito m'tauni, ndipo mwa apo ndi apo ku Bulawayo, mtunda woposa makilomita 400. Anamuonetsa katoni ija, anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anasankha yekha kumanga ya 4.10 ndi kusunga yakaleyo kunyumba. Pa E30 kusinthaku n'kosavuta kwenikweni, chifukwa difu imamangidwa payokha. Sipidomita nayo siisokonekera, poti kachipangizo kake kamawerengera mu difu momwemo, pambuyo pa magiyawo.

Zina ndazilemba m'kope langa mwachidule. Crown wheel ndi pinion zimasalazidwa limodzi ku fakitale, ndiye sizisakanizidwa ndi za difu ina. Pa galimoto yokoka ndi matayala onse anayi, difu yakutsogolo ndi yakumbuyo ziyenera kufanana. Oyilo wa difu ndi wa mtundu wa GL-5, ndipo ya LSD imafuna wakewake.

Gawo limene manja anga sanazolowere ndi kuika mpata wa pakati pa mano. Amalume anapaka utoto wabuluu pa mano angapo, nazungulitsa, nandionetsa pamene mano akukhudzana. Chizindikiro chikakhala pakati, zili bwino. Chikathawira kunsonga kapena kutsinde, difu idzalira mluzu pamsewu ndipo mano adzadyeka msanga. Iwo amaona kamodzi n'kudziwa kachitsulo kopyapyala koti awonjezere kapena kuchotsa. Ine ndinayang'ana kwa mphindi zambiri ndisanaone kusiyana. Andipatsa difu yakufa ya Hilux, ya mano 41 ndi 9, kuti Loweruka likubwerali ndiimasule yonse, ndiimangenso ndekha, ndiwaitane utoto ukakhala pakati.