Mwendo Umene Unatsika Masitepe Oyera ku Roma

Ndamva kuti ku mphakati kwathu nkhani yafika poti mwendo wanga unathothoka ku Roma pamaso pa Papa, choncho ndi bwino ndilongosole ndekha anthu asanawonjezere zoti ndinabwerako pa machira. Papa panalibe, ndipo mwendo umene unagwawo sunali wobadwa nawo, ngakhale unali wanga ndithu poti ndinaugula ndi ndalama za penshoni yanga.

Ndinaugula ku Fátima, m'dziko la Portugal, kumene Amayi Maria anaonekera kwa ana atatu oweta nkhosa mu 1917. Kumeneko kuli chizolowezi chakuti munthu wopempherera chiwalo chodwala, kapena wothokoza kuti chachira, amagula chiwalo chofanana nacho choumbidwa ndi phula n'kukachisiya pamalo oyatsira makandulo, pafupi ndi katchalitchi komangidwa pamene anaonekerapo. M'masitolo muli manja, mitima, maso, mitu, ngakhalenso tiana tathunthu. Ine bondo lakumanja linayamba kundisautsa ndisanapume pa ntchito yauphunzitsi, motero ndinaloza mwendo, wogulitsa anaukulunga m'pepala, ine n'kulipira. Nditafika pamoto paja n'kumasula pepala, ndinapeza chala chachikulu chili mbali ina. Anali atandipatsa mwendo wakumanzere.

Mayi a kunyumba anati kumwamba sasokonezeka ndi zoterezi, ndingousiya. Koma munthu amene anakalambira pa ntchito yochotsera ana malikisi chifukwa choyankha funso limene sanafunsidwe sangapereke mwadala pempho lolakwika, ndipo bondo lakumanzere linalibe mlandu uliwonse. Ndinati ndikasinthitsa mawa lake, koma basi inanyamuka kusanache kupita ku bwalo la ndege ku Lisbon, mwendo uli m'thumba lam'kati la jekete.

Ku Roma wotitsogolera, mayi wachitaliyana woyenda ngati akuthawa mvula, ambulera yake ili m'mwamba kuti tisamusowe, anatitengera ku Scala Santa, kutanthauza Masitepe Oyera, moyang'anana ndi tchalitchi chachikulu cha San Giovanni in Laterano. Anatifotokozera kudzera m'timawailesi tam'khutu kuti masitepewo alipo 28, kuti malinga ndi mwambo wa Mpingo ndi amene Ambuye Yesu anakwera kunyumba ya Pilato, ndipo anabwera nawo kuchokera ku Yerusalemu ndi Helena Woyera, mayi wake wa mfumu Constantine. Miyala yake anaikuta ndi matabwa mu 1723 poti mawondo a akhristu anali kuidya, ndipo palibe wololedwa kukwerapo choimirira. Anzanga akuumirira kuti mayiyo ananenanso kuti m'mbali muli masitepe ena okwera ndi mapazi, oyenera anthu a mawondo ovuta. Kawailesi kanga kanali kakungolira phokoso kuyambira ku Vatican, ndipo ndinadandaulapo, koma palibe anandisinthira.

Ndinagwada, ulendo n'kuyambika. Chimene sanena n'chakuti munthu ukalowa pamenepo ulibenso ufulu: kuimirira n'koletsedwa, kubwerera n'kosatheka chifukwa m'mbuyo mwadzaza kale anthu phewa ndi phewa, ndipo kupitirira mnzako n'kupanda ulemu. Patsogolo panga panali asisteri achikulire amene pa sitepe iliyonse ankaoneka kuti akumaliza gawo lathunthu la kolona, mwinanso n'kupemphererapo akufa a m'banja mwawo mmodzimmodzi. Kunkatentha kwambiri, ine ndili mu jekete, pakuti mphunzitsi wopuma saonekera pamalo oyera atangovala malaya. Nditadutsa theka thukuta linayamba kundilowa m'maso, ndipo ndinapisa dzanja m'thumba kuti nditenge kampango. Kampango kanatuluka, koma sikanatuluke kokha.

Mwendowo unayamba waima kaye chilili pa sitepe imene ndinagwadapo, chidendene pansi, ndipo kwa kamphindi ndinakhulupirira kuti uli ndi ulemu. Kenaka unaweramira kumbuyo n'kuuyamba. M'malo muja munali bata loti ukanamva mikanda ya kolona ikugundana, ndiye tangoganizani phula louma likumenya thabwa lakalekale: go, go, go, sitepe iliyonse osadumphako ngakhale imodzi. Unadutsa pakati pa mayi wina ndi mwamuna wake, unagunda chikwama cha mtsikana wina n'kutembenuka, unapeza mpata pansi pa mkono wa bambo wonenepa amene anali atatsinzina, n'kupitiriza. Mayi amene anali kumbuyo kwanga anakuwa kuti "Madonna!" akudzilemba chizindikiro cha mtanda, ndipo mwamuna wake, munthu wofuna umboni, anasuzumira kumapazi kwanga n'kuwerenga nsapato. Atapeza kuti zilipo ziwiri anaoneka wokhumudwa.

Ine ndinangoti kakasi, khosi nditapotokola, kumaonerera. Mwa miyendo yonse imene inali m'nyumba ija tsiku limenelo, wokhawo unayenda pa masitepe oyera ndi phazi, ndiponso chotsika, malamulo awiri kuswedwa nthawi imodzi. Chondiwawa n'chakuti unkayenda bwino kwambiri. Ine mwini ndinali nditatha pafupifupi ola lathunthu kukwera pamene iwo unatsika asisteri aja asanamalize Tikuoneni Maria mmodzi. Iwo sanacheuke n'komwe.

Pansi unatoledwa ndi bambo mfumu wina woyang'anira malowo. Anauyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, anakweza maso pa khamu la misana yogwada, ndipo manja onse analoza ine. Popeza naye sakanatha kukwera choimirira, anaupereka kwa munthu wa pa sitepe yoyamba, ameneyo kwa wotsatira, mwendo n'kuyamba kukwera ponyamulidwa ngati mfumu. Aliyense ankaulandira ndi manja awiri. Gogo wina, amene sanaone chiyambi cha nkhani, anaugunditsa ku kolona yake mwaulemu asanaupititse, poganiza kuti ndi chotsalira cha woyera wina, ndipo ine ndinalibe chitaliyana chomuletsera. Pamenepo ndi pamene mnzathu wina wa m'gulu, amene anakwera kale pa masitepe am'mbali aja n'kumatidikira pamwamba, anajambula chithunzi, ngakhale kuti malo aja si ojambulirapo nkhope za anthu ali m'masautso.

Unandipeza zala zonse zitathothoka. Mayi a kunyumba, amene analinso pamwamba atapuma kalekale, anandilandira ndi mawu otsitsa: "Bambo, tsopanotu sukudziwika ngati ndi wakumanja kapena wakumanzere. Mukanauthyola zala ku Fátima konkuja bwenzi zonsezi kulibe." Ndinawayankha kuti kupereka nsembe yolumala n'koletsedwa kuyambira m'buku la Levitiko, koma iwo anangoulanda n'kuuponya m'chikwama mwawo.

Anandidzutsa anthu awiri, wina uku wina uku, ndipo bondo lakumanzere, lija linalibe mlandu, ndi limene linakana kuwongoka. Madzulo ake gulu linapita kukaona Colosseum, bwalo lamasewero lakalekale la Aroma. Ine ndinaionera pa windo la basi, ndipo kunja kwake n'kokongola ndithu.