Log drum inagonjetsa jenereta Loweruka ku Kasungu

Kwa ife obwereketsa zoimbira pa zochitika, sabata yathayi inali yozolowereka mpaka Loweruka. Lolemba kutsitsa katundu wa ku ukwati, Lachiwiri kuwotcherera ma XLR (mapulagi a nthambo zonyamula mawu) omwe anthu amangopondaponda, Lachitatu kusintha diaphragm ya tweeter imodzi, kasipika kotulutsa mawu okwera. Izi anzanga a zoimbira mukuzidziwa kale.

Ntchito ya Loweruka inali ya gulu la achinyamata a pa Kasungu boma omwe anayamba kuimba house ndi amapiano kuseri kwa nyumba, ndi controller imodzi ya Pioneer, laputopu yobwereka ndi masipika awiri. Kale ankangouzana pa WhatsApp madzulo a tsiku lomwelo. Pano akula. Nyengo ino ya fodya, ndalama za ku Chinkhoma zitalowa m'matumba mwa anthu, anachita lendi holo, kudula chiphaso cha COSOMA (bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina), kugulitsa matikiti pa Airtel Money ndi Mpamba, mpaka kuitanitsa DJ wa ku Lilongwe. Ana amenewa ndimawanyadira. Koma msungichuma wawo mutu wake ukadali kuseri kwa nyumba kuja.

Lachinayi tinamulembera pa pepala: ma sub (masipika a besi) anayi a mainchesi 18, ma top (masipika a mawu apakati ndi okwera) anayi, ma amplifier atatu, mikisa, ma CDJ (makina omwe DJ amaimbira nyimbo) awiri, nyale ndi makina a utsi. Zimenezi zimafuna jenereta ya dizilo yosachepera 15 kVA, yokhala ndi AVR (chipangizo chokhazikitsa voteji), ndi nthambo ya 4 mm. Yankho lake linali lakuti, “Achimwene, jenereta ndi yongodikirira, magetsi sazima Loweruka.” Ndalama zinapita ku maposita. Tsikulo pa wilibala panabwera jenereta ya petulo ya 5.5 kVA, ndi kachigubu ka malita 5.

Magetsi anazima 9 koloko itangodutsa, holo itadzaza.

Nyimbo za pa ukwati jenereta yotere imatha kulimba nazo, chifukwa besi imagunda n'kusiya. Amapiano ndi nkhani ina. Imayenda pang'onopang'ono, cha m'ma 112 BPM, koma log drum, besi yokhala ngati ng'oma yomwe amapiano imadziwika nayo, imatsika pansi n'kukhalitsa pomwepo, ndiye ma amplifier onse amakoka mphamvu nthawi imodzi. Injini imabanika, voteji n'kugwa, besi ikasiya injini n'kuthamanga mopitirira, voteji n'kudumpha. Pa mita tinkaona 230 ikutsika kufika cha m'ma 185 log drum ikalowa. Nyale zinkaphethira motsatira nyimbo, ovina n'kumakuwa poganiza kuti ndi luso lathu. Kenako amplifier ya ma sub inalowa protect, kudzizimitsa yokha podziteteza, ma CDJ onse anazima n'kuyambanso, holo yonse zii, kungomveka jenereta panja.

Vuto silinali jenereta yokha. Nthambo yomwe anabweretsa inali ya 1.5 mm, yotalika mamita 50. Nthambo yotero ikanyamula ma amp 16 imadya yokha ma volt pafupifupi 23, pomwe ya 4 mm ikanadya osakwana 9. Theka lake linali likadali lokulunga pa dilamu, ndipo pogwira linkawotcha dzanja, pulasitiki itafewa kale. Titailondola tinapeza kuti a ku bala alumikizapo firiji yawo mwakachetechete. Makina a utsi nawonso ali ndi heater ya mawati 1,500, yomwe imayaka yokha ikazizira, osafunsa munthu.

Tinachita izi, mwina zingathandize wina. Firiji ndi makina a utsi tinazizula. Nthambo tinaitambasula yonse, jenereta n'kuisendeza pafupi kuti tigwiritse yaifupi, koma panja ndithu, kutali ndi mawindo, chifukwa utsi wake umapha mosanunkha. Ma sub awiri ndi amplifier yake tinazimitsa. High-pass (sefa yodula besi ya pansi kwambiri) ya otsalawo tinaikweza kuchoka pa 35 Hz kufika pa 45 Hz, popeza pansi pamenepo ndi pomwe pamathera mphamvu zambiri koma khutu silipindula kwenikweni. Limiter, yomwe imaletsa mawu kupitirira muyeso, tinaitsitsa ndi 6 dB. Ma CDJ ndi mikisa tinaziika pa UPS (batire yosunga magetsi) yomwe imangoyenda nafe m'galimoto. Poyatsa, ma amplifier komalizira, imodziimodzi. Pozimitsa, iwo poyamba.

Phwando linapitirira, koma DJ wa ku Lilongwe ataona kuti besi yachepa anayamba kukweza gain mpaka mikisa yonse kufiira. Kumuuza kuti “Akulu, tsitsani pang'ono, limiter ndi yomwe ikudya mawu anuwo,” ankangogwedeza mutu, dzanja likubwerera pomwepo. Mawu osweka otero ndi omwe amawotcha ma tweeter, ndipo ija tinaika Lachitatu inapsanso.

Malita 5 pa jenereta yolemedwa chonchi ndi maola awiri basi. Anyamata anazungulira tauni usiku kufuna petulo wa m'zigubu pa mtengo wa mavenda, ndipo pothira pamafunika kuzimitsa injini kuti izizire kaye, ndiye nyimbo zinaimanso kachiwiri. Ena anayamba kufuna ndalama zawo pakhomo, mkwiyo wonse n'kulunjika kwa ife okhala pa mikisa, poti ndife tikuoneka.

Lamulungu poyesa katundu tinapeza kuti channel imodzi ya amplifier yafa. Ikupita ku Lilongwe mawa pa minibasi, ndalama zokonzera zochokera m'thumba mwathu, chifukwa msungichuma uja foni sakuyankha.